Magazini Yofufuza Chinsinsi cha Chithunzi

Tikamajambula ndi foni timangodina kamodzi, chithunzi chatuluka. Kawirikawiri sitiganizira za anthu amene akalambira pa ntchito yofufuza mmene kuwala kumasandukira chithunzi. Ena mwa iwo amakumana m'masamba a The Imaging Science Journal, magazini ya bungwe la Royal Photographic Society la ku Britain.

Bungweli linakhazikitsidwa ku London mu 1853. Patatha zaka 100, mu 1953, linayambitsa magaziniyi ndi dzina loti The Journal of Photographic Science. Nthawi imeneyo nkhani zinkakhala za filimu: mmene timchere ta siliva timasinthira kuwala kukatigwera, komanso mankhwala otsukira zithunzi m'chipinda chamdima. Mu 1997 dzina linasintha, makompyuta atayamba kulanda malo a filimu. Lero mumapezeka kafukufuku wa zithunzi zounikira m'thupi mwa wodwala ndi zojambulidwa ndi setilaiti.

Chimene ndimasirira kwambiri ndi kudekha kwa magaziniyi. Nkhani siisindikizidwa akatswiri ena asanaipete ngati mpunga m'lichero, kuti mankhusu onse auluke. Ntchitoyi siimveka pamsika, koma dokotala wowerenga chithunzi cha mapapo amadyerera thukuta la alembi amenewa. Alandire ulemu wawo.