Tabuleti ya laibulale: tiyambe tafunsa za mabuku tisanafunse za makina

Masiku ano nkhani ya kusowa kwa mabuku a Chinyanja ikangoyambika, sipachedwa kupezeka wina wonena kuti yankho lake ndi tabuleti. Maganizowa ali ndi nzeru yake. Kachipangizo kamodzi kakhoza kusunga mabuku mazanamazana, ndipo kukafikitsa ku Cobué n'kosavuta kusiyana ndi kunyamula makatoni a mapepala pa boti nyengo ya mwera. Funso limene limatsatira nthawi zonse ndi lakuti, "Tigule tabuleti yanji?" Ine ndikuona kuti funsoli labwera msanga. Oyenera kutsogola ndi awa: mwana wa kalasi 2 kuno ku Lago adzawerenga buku liti m'menemo, ndipo bukulo lidzalowamo bwanji? Ndalama zogulira zipangizo zotere zimabwera kamodzi. Tikaphonya, sukulu idzatsala ndi kabati yodzaza magalasi akuda, ana ali chikhalire opanda chowerenga.

Vuto la mabuku si lachilendo kwa ife. Maphunziro a m'zilankhulo ziwiri anayesedwa koyamba m'dziko muno kuyambira 1993 mpaka 1997, pa ntchito ya PEBIMO, ndipo Chinyanja cha ku Tete chinali chimodzi mwa zilankhulo ziwiri zimene anayesera, china chinali Chichangana ku Gaza. Kuchokera mu 2003, pamene njirayi inalowa m'sukulu za boma, dandaulo la aphunzitsi silinasinthe kwenikweni, ndipo akatswiri monga Feliciano Chimbutane analilemba momveka: mwana amaphunzira zilembo m'chilankhulo chake, koma akazidziwa amasowa choti awerenge. Choncho tiunike malaibulale a pa intaneti ndi muyeso umenewu, kenako tione makina amene angawanyamule.

Kubwereka kwa kunja sikutifika

Malangizo ambiri a kasankhidwe ka tabuleti yowerengera analembedwera anthu a ku Amereka ndi ku Ulaya. Kumeneko munthu amakhala ndi khadi la laibulale ya m'tauni yake, amatsegula pulogalamu yonga Libby, ya kampani ya OverDrive, n'kubwereka buku. Masiku amene anapatsidwa akatha, kawirikawiri masabata awiri kapena atatu, bukulo limadzitseka lokha. Mabuku ambiri otere amabwerekedwa kwa munthu mmodzi pa nthawi imodzi, ena n'kumadikira pamzere, ngati kuti ndi buku la pepala.

Kwa iwo njirayi ndi yabwino. Kwa ife ikugwa pa zinthu zitatu. Imafuna laibulale imene inalipira kale kampaniyo. Imafuna intaneti nthawi iliyonse imene ukubwereka kapena kuwonjezera masiku. Ndipo chachikulu, imatsutsana ndi mmene mwana amaphunzirira kuwerenga. Mwana wa kalasi 1 samaliza buku n'kufuna lina. Amabwereza kankhani kamodzimodzi kakhumi mpaka maso atazolowera mawu. Buku limene lizimiririka pakatha milungu iwiri silimuthandiza. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Choncho wogulitsa akamatamanda tabuleti kuti imabwereka bwino mabuku a laibulale, dziwani kuti akutamanda luso limene ku Lago silidzagwira ntchito. Ife tikufuna laibulale yoti buku ukalitenga likhale lako.

African Storybook: khomo lotseguka, koma losefa ndi inu

Laibulale yotere ilipo. African Storybook inayambitsidwa ndi bungwe la Saide la ku Johannesburg, ndipo tsamba lake linatsegulidwa mu 2014. Mabuku ake ndi a zithunzi, a ana aang'ono, ndipo ali ndi chilolezo cha Creative Commons. Tanthauzo lake n'lakuti mukhoza kutsitsa buku, kulisunga, kulisindikiza, kulimasulira ngakhalenso kulisintha popanda kulipira, bola mutchule eni ake ndi kutsata zimene chilolezocho chikunena. Pulogalamu yake ya pa foni imalola kuwerenga mabuku otsitsidwa kale popanda netiweki. Mphunzitsi akhoza kutsitsa mabuku tsiku limene wapita ku Metangula, n'kukawerenga ndi ana chaka chonse. Malaibulale ena, monga StoryWeaver ya bungwe la Pratham Books ku India, amayenda mofananamo. Pofufuza muziyesa mayina onse, Chichewa, Nyanja ndi Cinyanja, pakuti mabuku a chilankhulo chathu amwazikana pansi pa mayina amenewa.

Ubwino wake ndi umenewo, koma zofooka zake n'zofunika kuzidziwa. Choyamba, nkhani zambiri zinayamba kulembedwa m'chilankhulo china n'kumasuliridwa, ndipo omasulira ndi osiyanasiyana luso. Ena anamasulira ngati munthu wokamba nthano madzulo, ena anangotsata Chingerezi liwu ndi liwu. Buku lililonse liyenera kuwerengedwa mokweza ndi mphunzitsi lisanafike kwa ana.

Chachiwiri, magawo asanu amene mabukuwa anaikidwamo amatsata kwambiri kutalika kwa nkhani. Muyeso umenewu umanyenga m'chilankhulo chathu. Chiganizo chonse cha Chingerezi chikhoza kusanduka liwu limodzi monga "anandithamangitsa", la maphatikizo 7, lokhala ndi "nd", "th", "ng" ndi "ts" pamodzi. Pa kuwerenga mawu, tsambalo ndi losavuta. Kwa mwana amene wangodziwa "ma, me, mi, mo, mu", ndi phiri.

Chachitatu, nyanja yathu simuonekamo kawirikawiri. Si cholakwa kuti mwana awerenge za basi ya m'tauni kapena za ng'ombe za ku Kenya. Buku limatsegula maso. Koma mwana wokulira pa usipa ndi utaka, wodziwa chilimira, bwato, mtambo wa nkhungu ndi nsima ya chinangwa, ayeneranso kupeza moyo wake pa tsamba. Mawu amene amawadziwa kale ndi amene amamukokera m'kuwerenga.

Zilembo ziwiri, matchulidwe atatu

Pali chofooka china chimene chikukhudza ife a makalasi a zilankhulo ziwiri kuposa wina aliyense, ndicho kalembedwe. M'mabuku a sukulu zathu, motsata kalembedwe kamene akatswiri anagwirizana kuyambira pa ntchito ya NELIMO ku Yunivesite ya Eduardo Mondlane, timalemba "cala" ndi "nchito". Ku Malawi amalemba "chala" ndi "ntchito", monga ndalembera muno. Onani bwino chimene chachitika. Kwa mwana wathu, "ch" ndi liwu la mpweya la mu "nchito". M'buku la ku Malawi, "ch" yemweyo ndi liwu lopanda mpweya limene iye anaphunzira kuti ndi "c". Akafika pa Chipwitikizi akumananso ndi "ch" wachitatu, wa mu "chuva" ndi "chave", pamene "c" wasanduka wa mu "casa" ndi "cebola".

Munthu wamkulu sapunthwa pa zimenezi, ndipo mwana wa kalasi 4 amene wakhazikika akhoza kuuzidwa kamodzi n'kumva. Koma wa kalasi 1 ndi 2 akumanga kumene mgwirizano wa chilembo ndi liwu. Kumupatsa mabuku a kalembedwe kosakaniza pa nthawi imeneyi n'kumugwetsera khoma limene mwamanga naye chaka chonse. Mabuku a ku Zambia amagwiritsa ntchito "c" ngati ife, choncho pa kalembedwe ali pafupi nafe, ngakhale mawu ena ndi a kwawo. A ku Malawi ayenera kukonzedwa asanapite ku makalasi oyamba. Apa ndi pamene chilolezo chosintha buku chimaonetsa mtengo wake. Laibulale yotseka, ngakhale itakhala ndi mabuku 1,000 a Chichewa, singakuloleni kusintha chilembo n'chimodzi chomwe.

Bloom: msonkhano wa olemba, osati sitolo

Bloom, ya bungwe la SIL, ili ndi laibulale yake, koma mphamvu yake yeniyeni ili pa kupanga mabuku. Pulogalamu yolembera imagwira pa kompyuta, ndipo yowerengera, Bloom Reader, imagwira pa zipangizo za Android. Zinthu zitatu zikuyankha mwachindunji mavuto amene tatchulawa. Mukhoza kuuza pulogalamuyo zilembo zimene ana aphunzira kufika sabata ino, ndipo imakusonyezani mawu a m'nkhani yanu amene ali ndi zilembo zimene sanafikepo. Mukhoza kuika zilankhulo ziwiri pa tsamba limodzi, Chinyanja pamwamba, Chipwitikizi pansi, zimene n'zothandiza kwambiri m'kalasi 3 ndi 4 pokonzekera kuwoloka. Mukhozanso kujambula mawu anu mukuwerenga, kuti mwana azimva chiganizo chikuwala pa sikirini, m'kayankhulidwe ka m'mbali mwa nyanja, osati ka ku Lilongwe kapena ku Angónia. Buku likatha limasamutsidwa kupita ku tabuleti popanda intaneti.

Chovuta chake n'choti Bloom imafuna ntchito. Imafuna kompyuta imodzi, mwina pa sukulu yaikulu ya ZIP, munthu wophunzitsidwa, ndi nthawi imene mphunzitsi wa makalasi odzaza alibe. Pulojekiti imene yawerengera mtengo wa matabuleti koma osawerengera masiku oti aphunzitsi akhale pansi kulemba ndi kukonzerana nkhani, yagula mbale popanda ufa.

Zimene tingaphunzire kutsidya

Anzathu a ku Malawi anayamba mu 2023 ntchito ya BEFIT, yopereka matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, okhala ndi maphunziro a bungwe la onebillion m'Chichewa. Choyenera kutengera n'chakuti matabuletiwo amafika ndi zam'kati zokonzedwa kale, amagwira popanda intaneti, ndipo amabwera pamodzi ndi magetsi a sola. Koma si oti tingowakopera. Amenewo ndi maphunziro a ndondomeko yawo, m'kalembedwe kawo, ndipo chilankhulo chachiwiri cha sukulu zawo ndi Chingerezi.

Gombe lino lili ndi phunziro lakale kuposa pamenepo. Sitima ya mishoni, Chauncy Maples, inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1901, ndipo inali chodabwitsa cha nthawi yake. Koma chimene chinazika kuwerenga ku Messumba, ku Cobué ndi ku Likoma sichinali chitsulo cha sitimayo. Anali aphunzitsi a m'midzi ndi mabuku a m'Chinyanja cha kunyanja kuno, kuphatikizapo Baibulo limene William Percival Johnson anatsogolera kumasulira, lotuluka mu 1912. Chombo chimanyamula, chowerengedwa ndi katundu wake.

Tsono tabuleti yanji?

Tikadziwa mabuku, kusankha makina kumafupika. Zowerengera za mtundu wa Kindle zili ndi batire lokhala milungu ndipo zimaoneka bwino padzuwa, zomwe ndi zokopa kwa sukulu yopanda magetsi. N'zabwino kwa mphunzitsi wowerenga mabuku aatali. Koma zambiri n'zopanda mitundu, ndipo Bloom Reader sigwiramo. iPad ndi yokongola ndi yamphamvu, koma ndi yodula, ilibe polowetsa memori khadi, ndipo Bloom Reader sigwiranso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matabuleti a Amazon Fire ndi otsika mtengo, koma sabwera ndi Google Play, choncho kuikamo mapulogalamu kumafuna munthu wodziwa.

Chotsala ndi tabuleti wamba ya Android, ndipo pa iyo yang'anani izi. Ikhale ndi polowetsa memori khadi, kuti laibulale yonse iziyenda m'thumba la malaya kuchoka sukulu ina kupita ina. Izitchajidwa ndi chingwe wamba cha USB, chopezeka pa msika, kuti sola yaing'ono ikwanire. Sikirini ya mainchi 10 ndi yoyenera kagulu ka ana anayi kapena asanu. Ya mainchi 8 ndi ya mwana mmodzi kapena awiri. Iwale mokwanira kuwerengera pansi pa mtengo, ndipo sipika yake imveke m'kalasi. Ikhale ndi chikuto cholimba, pakuti mchenga, chinyezi ndi kutentha ndi adani a zipangizozi, ndipo batire losiyidwa padzuwa limafa msanga. Ikhale ya mtundu umene amisiri a mafoni ku Lichinga angapezere galasi ndi batire. Simu khadi m'tabuleti iliyonse n'kuwononga ndalama. Foni imodzi yotsitsira mabuku ikwanira sukulu yonse.

Ndipo pa bajeti musaiwale pepala. Tabuleti imagona m'kabati ya sukulu, koma kabuku ka masamba 8 kosindikizidwa kuchokera ku fayilo yomweyo kamapita kunyumba, kumene mwana amawerengera mng'ono wake ndi agogo ake. Nthawi zina mtengo wa matabuleti angapo ukanagula makina osindikizira ndi inki ya ZIP yonse.

Mayeso a mphindi khumi

Aphunzitsi anzanga, nkhaniyi ikafika ku Conselho de Escola kapena ku msonkhano wa ZIP, pemphani kuti chipangizo chimodzi chiyesedwe musanavomere zambiri. Zimitsani netiweki yonse. Muuzeni wobweretsayo atsegule buku la Chinyanja loyenera kalasi 1, la kalembedwe ka m'sukulu zathu. Kenako alowetse buku latsopano kuchokera pa foni yanu kapena pa memori khadi. Pomaliza mufunseni kuti nkhani imene inu mwalemba, ya msodzi wa ku Chuanga ndi bwato lake, ingalowemo bwanji, ndipo adzakuphunzitsani ndani. Chipangizo chimene chapambana zitatuzi n'choyenera ndalama za ana athu. Chimene chalephera chibwerere ndi mwini wake, ngakhale chitakhala chaulere, pakuti chidzakudyerani nthawi ndi magetsi popanda kuwonjezera buku n'limodzi lomwe.