Zimene foni sinajambule ku Daveyton

Pa 26 February 2013, apolisi a ku Daveyton, ku South Africa, anamangirira Mido Macia, dalaivala wa minibasi wochokera ku Mozambique, kumbuyo kwa galimoto yawo n'kumukwekwereza mumsewu anthu akuona. Wina pagulupo anajambula pafoni, dzanja likunjenjemera, anthu akukuwa. Mu 2015 apolisi 8 anagamulidwa zaka 15 aliyense. Koma Macia anakafera m'chitokosi, kumene kunalibe wojambula.

Wopanga filimu amene akufuna kupikisana ndi kanema wotereyu pa kuonetsa nkhanza akungodzivuta. Magazi a penti sangatiwawe kuposa enieni. Ntchito yake ili kumene foni sinafike.

Mathieu Kassovitz anazidziwa izi. Filimu yake ya La Haine (1995) inabadwa pa imfa ya Makomé M'Bowolé, mnyamata wa zaka 17 wa kubanja la ku Zaire, amene wapolisi anamuwombera m'kati mwa polisi ku Paris mu 1993. Kassovitz sanabwereze imfayo. Anatsata anyamata atatu kwa tsiku limodzi, akutukwanana, akusowa chochita, nthawi ikulembedwa pasikirini ngati wina akuwawerengera maola. Pomaliza kamera imayandikira nkhope ya mmodzi wa iwo, Saïd, iye n'kutsinzina, mdima bii, mfuti n'kulira. Wagwa ndani sitiuzidwa.

Ryan Coogler mu Fruitvale Station (2013) anayamba ndi kanema weniweni wa pafoni wa kuwomberedwa kwa Oscar Grant ndi wapolisi ku America, kenako n'kubwerera m'mbuyo kutionetsa tsiku lake lomaliza. Njirayo ndi yabwino, koma pamene Grant akunyamula galu wogundidwa ndi galimoto, filimuyo ikutipempha chisoni mochita kugwada. Kodi munthu azikhala mngelo kuti kuphedwa kwake kutikhudze?

Achinyamata ojambula mafilimu muno mu Lusaka, ku Chainda ndi ku Mtendere, sakusowa poyambira. Mu April 2016 mashopu a anthu a ku Rwanda anaphwanyidwa ku George ndi m'makomboni ena chifukwa cha mphekesera. Mlendo timamudziwa: ndi uja wa pashopu amene timamuitana ndi dzina la dziko lake. Filimu imupatse dzina lake lenileni. Timuone akukana kukongoza shuga, akukwiya m'Chinyanja chothyokathyoka, akutseka buku la ngongole usiku n'kuimbira kwawo m'chilankhulo chimene ife sitimva, popanda mawu omasulira pansi.