Mpeni Wopinda ndi Dzina la Mmisiri

M'misika ya m'makwalala mwathu, monga wa ku Chinsapo mu Lilongwe, mipeni yopinda imayalidwa pamodzi ndi maloko ndi malezala. Ina mwa iyo imafanana ndi mpeni wotchuka wa Okapi, wa chogwirira cha mtengo ndi kamphete kokoka potseka, koma ukangosenda nayo chinangwa kaŵiri katatu, yabuntha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri amati palibe cholakwa pamenepa, popeza luso losula chitsulo ndi la makolo ndipo lilibe mwini. Maganizo ameneŵa ayenera kuunikidwa bwino.

Tiyambe ndi mbiri. Okapi idayamba kupangidwa ku Solingen, m'dziko la Germany, mu 1902, ndipo ankaigulitsa makamaka kuno ku Africa. Mu 1988 ntchito yoipanga idasamukira ku South Africa. Dzina lake ndi la nyama ya m'nkhalango za ku Congo. Choncho mpeni womwe timautcha weniweni udabwereka dzina kwa ife, ndipo nzeru yopinda mpeni idalipo kale Solingen asanaitole. Ku France nakonso, mudzi wa Laguiole, umene udatchuka ndi mpeni wa abusa a ng'ombe, udazula chikwangwani cha dzina lake mu 2012 podandaula kuti munthu wina adalembetsa dzinalo ngati lake mu 1993, pamene mipeni yambiri yotchedwa Laguiole inkachokera ku China ndi ku Pakistan.

Tsono tisiyanitse zinthu zitatu. Choyamba ndi maonekedwe amene tidalandira kwa makolo: aŵa ndi chitsime cha mudzi, aliyense atunge. Chachiŵiri ndi chimene mmisiri waonjezapo ndi nzeru zake, monga kaumitsidwe ka chitsulo kapena katsekedwe katsopano: ichi ndi thukuta lake, ndipo lamulo lachisanu ndi chiŵiri la Mulungu limachiteteza. Chachitatu ndi dzina lodindidwa pachitsulo. Dzinalo ndi lonjezo kwa wogula, ndipo wodinda dzina la mnzake pa ntchito yake wachita umboni wonama. Thomas Aquinas Woyera, pokamba za chinyengo cha pamalonda mu Summa Theologiae, adaphunzitsa kuti wogulitsa chinthu china m'malo mwa chinzake, akudziŵa, wachimwa ndipo ayenera kubweza. Wonyengedwa woyamba ndi mayi wa ku Chinsapo amene wapereka ndalama za ndiwo, osati kampani ya kutali.

Nkhaniyi siithera pa mipeni. Ku Mua, pa malo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, amisiri osema adatenga zifaniziro za Acheŵa, Angoni ndi Ayao nazipatsa moyo watsopano. Lamulo la Copyright la 1989, limene lidaloŵedwa m'malo ndi la 2016, lidaika zaluso za makolo m'manja mwa Boma m'malo mwa anthu onse a m'Malaŵi. Lidachita bwino poletsa munthu mmodzi kutchinga chitsime. Koma lamulo palokha silingalekanitse msanga pothera za makolo ndi poyambira za mmisiri. Malire ameneŵa amawadziŵa ndi mtima wa wosemayo, ndiponso mtima wa womutsanzira.

Nchifukwa chake sitikudzudzula kutsanzira konse. Mwana wa mmisiri amaphunzira poonera, ndipo mwambo wosatsanziridwa umafa. Tikudzudzula kubisala. Amene akufuna kusula mpeni wofanana ndi Okapi asule, aukonze mwina kuposa woyambawo, koma adindepo dzina lake, kuti ukathyoka tidziŵe womufunsa, ukakhalitsa tidziŵe womuthokoza. Ndipo ife ogula tileke kufunsa mtengo wokha. Tizifunsanso kuti adaupanga ndani.