Buku la Brian Morris ndi Tizilombo Tathu

Chipumireni pa ntchito ya uphunzitsi, ndakhala ndikuyendayenda m'minda ya mpunga ya ku Kaporo ndi m'mphepete mwa nyanja kuno ku Karonga, kutola ndi kujambula tizilombo. Anzanga ena amati ukalamba wandibwezera ku umwana. Chondilimbitsa mtima ndi buku la Brian Morris lotchedwa Insects and Human Life, lomwe lidasindikizidwa ku Oxford m'chaka cha 2004.

Morris ndi Mngelezi amene adafika m'dziko muno m'chaka cha 1958 nagwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Pambuyo pake adakaphunzitsa za chikhalidwe cha anthu pa koleji ya Goldsmiths ku London. Mphamvu ya buku lake yagona pa kudzichepetsa. Akatswiri ambiri amayamba ndi dzina la Chilatini, koma iye adafunsa anthu akumudzi momwe amatchulira ndi kusiyanitsira ngumbi, bwanoni, nkhululu, dzombe ndi mphalabungu, ndipo mayankho awo adawalemba ngati nzeru zoyenera ulemu.

Mfundo imene imandigwira mtima m'zolemba zake ndi ya mawu akuti chilombo. Asayansi ali ndi gulu limodzi la zamoyo za miyendo isanu ndi umodzi, pomwe Chichewa chilibe mawu olingana ndendende ndi gululo. Kwa ife chilombo ndi chinthu choopsa kapena chosathandiza: fisi ndi chilombo, nankafumbwe ndi kachilombo, ngakhalenso ovina Gule Wamkulu timawatcha zilombo. Nanga ngumbi zikatuluka mvula yoyamba itagwa, ndani amazinena kuti ndi tizilombo? Imeneyo ndi ndiwo. Ndiye kuti makolo athu ankagawa zamoyo poyang'ana chimene zimachita pa moyo wa munthu. Zaka zonse zimene ndidagwira choko ndidaphunzitsa ana kuwerenga miyendo ndi mapiko, osazindikira kuti agogo awo adali ndi kagawidwe kawokawo.

Komabe bukuli lili ndi zofooka ziwiri. Choyamba, lidalembedwa m'Chingelezi cha anthu ophunzira kwambiri, kotero mayi amene adafotokoza kagwiridwe ka ngumbi pachulu sangawerenge nzeru zake zomwe. Chachiwiri chimandiwawa koposa. Mayina ochuluka m'bukumo ndi a Chichewa, pomwe kuno timayankhula Kyangonde ndi Chitumbuka. Sindikumudzudzula mlembiyo kuti adalakwa, pakuti munthu mmodzi sangakolole munda wa dziko lonse, koma wowerenga wa kumpoto amatsala ndi njala.

Taganizirani za nkhungu, timene timafuka pa nyanja ngati utsi wa moto wolusa. Asayansi amatitcha Chaoborus edulis. Mphutsi zake zimabisala m'madzi akuya masana n'kukwera usiku kudzadya, ndipo zikakhwima zimatuluka pamodzi miyandamiyanda. Anthu a kunyanja amatikola ndi malichero, kutiumba ndi kutiumitsa kuti tikhale ndiwo. David Livingstone adalawako m'chaka cha 1861. Nkhani yotere iyenera kulembedwa m'ziyankhulo za iwo amene amaidya.

Pa kutola ndi kujambula, maganizo anga adasintha. Poyamba ndinkabaya agulugufe ndi singano n'kuwasunga m'bokosi, koma chinyezi ndi nyerere zidawononga ambiri. Tsopano ndimajambula ndi foni, kenaka ndimasonyeza chithunzicho kwa okalamba a m'mudzi umene ndajambulamo kuti anditchulire dzina. Chithunzi sichionetsa zonse zimene katswiri amafuna posiyanitsa mitundu yofanana, izi ndikuvomera. Koma chiswamphika ali pa tsamba, manja atapinda, amamasula lilime la agogo kuposa chiswamphika wouma.

Mwezi wathawu ndidasonyeza chithunzi cha tombolombo kwa anyamata asanu a Fomu 4. Onse adayankha kuti ndi kachilombo. Mayi wina wokalamba amene ankapeta mpunga chapafupi adasuzumira pa foniyo, natchula dzina lake m'Kyangonde, ndipo ndidalilemba m'kope langa.