Mphika Wowira Pakati pa Tebulo

Mu lesitilanti ya hotpot mumzinda wa Chongqing, kum'mwera chakumadzulo kwa China, chakudya chimafika patebulo chili chachiwisi. Pakati pa tebulo pamakhala bowo, m'bowomo mphika waukulu wachitsulo, pansi pake moto wa gasi. Wodya amasankha yekha msuzi wophikira, nyama ndi masamba amene akufuna, ndiponso zokometsera zoviikamo. Kenako amaphika yekha, kanthu kamodzikamodzi, ndi timitengo tiwiri todyera. Mlendo angaganize kuti ophika a pamalopo amalandira malipiro aulere. Ayi ndithu. Ntchito yawo imakhala itachitika kale, ndipo yonse cholinga chake n'chimodzi: kuti chilichonse chipse bwino m'kamphindi, m'manja mwa munthu amene sanaphunzirepo zophika.

Zonse zimayambira kukhitchini, m'chiwaya chachikulu. Wophika amasungunula mafuta olimba a ng'ombe, n'kuponyamo jinja, adyo ndi anyezi. Zikangofiira amazivuula, fungo lake litatsalira m'mafuta. Tsabola wouma samuthira mmene alili, chifukwa angapserere pompo. Amayamba wamuwiritsa mpaka afewe, n'kumusinja kuti akhale phala lolimba. Phalali likalowa m'mafuta, madzi ake amauma pang'onopang'ono, mafuta n'kumafiira. Amawonjezeranso doubanjiang, nyemba zikuluzikulu zosasitsidwa pamodzi ndi tsabola ndi mchere, zimene zotchuka kwambiri zimachokera ku Pixian, kufupi ndi Chengdu. Moto umakhala wochepa, ndipo dzanja silichoka pa chipande: kutakasa, kupala pansi pa chiwaya, kutakasanso, kwa maola. Pakangopserera pang'ono, chiwaya chonse chawonongeka. Wophika amadziwa kuti zapsa poona thovu litachepa, mafuta atawala. Akaphula amazisiya zigone usiku kuti zilowererane.

Huajiao amalowa chakumapeto, pakuti sachedwa kupserera. Ameneyu ndi makoko a tizipatso ta mtengo waminga wa m'banja limodzi ndi mandimu. Nthanga zake zakuda amazichotsa chifukwa ndi zolimba polumika. M'makokomo muli mankhwala achilengedwe otchedwa sanshool, amene amachititsa milomo dzanzi, uku ikunjenjemera pang'ono. Chonyamula zonsezi ndi mafuta aja. Ukali wa tsabola umasungunuka m'mafuta, osati m'madzi, ndipo mafutawo amayandama pamwamba pa msuzi, kusunga kutentha ndi kumatirira pa chilichonse chotuluka mumphika.

Mphikawo pawokha ndi nzeru zakuya. Wachikale wa ku Chongqing umagawidwa ndi timalata m'zigawo 9. Msuzi ndi umodzi, umadutsa pansi pa timalatato, koma kutentha n'kosiyana. Chigawo chapakati, chimene chili pamwamba penipeni pa moto, chimabwata mwamphamvu: m'menemo mumapita zofuna masekondi. Zigawo zinayi za m'mbali mwake zimawira mwapakatikati. Zinayi za m'makona zimangowira pang'onopang'ono, ndipo ndi malo a magazi oundana a bakha ndi bongo wa nkhumba, zofuna kukhalitsa. Chakudyachi chinakulira pakati pa onyamula katundu pamadoko a mitsinje ya Yangtze ndi Jialing, amene ankagula zam'kati za ng'ombe zotsika mtengo. Timalatato tinkathandiza anthu osadziwana kudyera mphika umodzi, aliyense kachigawo kake. Masiku ano oopa tsabola amaitanitsa mphika wa yuanyang, wogawidwa pawiri, mbali ina msuzi wofiira, ina wa mafupa, bowa kapena tomato.

Ndiye pali mpeni. Nyama ya ng'ombe kapena ya nkhosa amaiumitsa m'firiji kuti ilimbe, n'kuidula mopingasa ndi mitsempha yake, mopyapyala kwambiri moti kachidutswa kamadzipinda kokha. Kupyapyalako n'kumene kumachititsa kuti ipse isanalimbe. Maodu, nthumbwana za ng'ombe zija zosanjikizana ngati masamba a buku, amazitsuka, kuzipatula tsamba limodzilimodzi ndi kuziyala pa ayisi kuti zisafote. Matumbo a bakha amawang'amba m'litali ndi kuwapala mpaka ayere. Mbatata ya kachewere amaidula mokhuthalako kuti isasungunukire mumsuzi. Tofu, wopangidwa ku soya, nthawi zina amamuumitsa dala m'firiji: madzi a m'kati akaundana n'kusungunukanso amasiya timabowo timene timamwa msuzi.

Apa ntchito imasamukira m'manja mwa wodya. Amapana tsamba la maodu ndi timitengo, osalisiya, n'kuliviika pakati pobwata, kulitulutsa, kuliviikanso. Eni chakudyachi amawerenga kuti kukweza kasanu ndi kawiri, kutsitsa kasanu ndi katatu, pafupifupi masekondi 15. Likayamba kupindika m'mphepete, lapsa, ndipo limalumika khrupu. Likapitirira limasanduka chikopa. Asanalume amaliviika m'kambale ka mafuta a chitowe osakaniza ndi adyo wosinja, amene amaziziritsa chakudya ndi kuchepetsako ukali. Odziwa amayamba ndi nyama, imene imakometsa msuzi, masamba pambuyo chifukwa amamwa mafuta a tsabola kwambiri, ndipo zaufa pomalizira chifukwa zimakhuthalitsa msuzi. Nthawi yonseyi woperekera amazungulira ndi ketulo, kuwonjezera msuzi woyera mphika ukayamba kuphwa kuti mchere usachuluke.

M'malesitilanti a Haidilao, kampani imene inayambira ku Jianyang m'chigawo cha Sichuan mu 1994, zaufazo zimabwera ndi mwini luso lake. Amatenga kachidutswa ka ufa wa tirigu wokanda, wopakidwa mafuta ndi kusiyidwa nthawi kuti ufewe, n'kukagwira nsonga zonse ziwiri. Amakakoka, kukagwedeza, kukazunguza m'mwamba mpaka katalike kupitirira manja ake otambasula, osaduka, osakhudza pansi. Chinsinsi chagona pa kupumitsa ufa kuja: wokandidwa kumene umabwerera ukakokedwa, wopuma umalola.

Mukadzapezeka patebulo lotere, musakhuthulire mbale zonse mumphika nthawi imodzi. Msuzi umazizira, zopyapyala zimalimba, ndipo thukuta la wokazinga ndi wodula limapita pachabe. Ikani pang'onopang'ono, yang'anitsitsani m'mphepete mwa nyama, ndipo vuulani msanga.