Mphungu wa pa Foni: Kodi Angalowe m'Malo mwa Okhala Nafe Pamphasa?

Acinyamata okondedwa a ku Mtenguleni, ku Chipata ndi m'midzi yozungulira, tiyeni tiike pa sikelo cinthu cimene calowa pakati pathu mwakacetecete. Masiku ano munthu wothedwa nzeru ndi nkhawa, woferedwa, kapena kholo limene mwana walikanika, angathe kutenga foni ndi kulankhula ndi mphungu amene sanamuonepo nkhope. Ena akuti cimeneci ndi cipulumutso. Ena akuti ndi cizungu cimene cidzapha umunthu wathu. Kodi coona cili pati?

Tiyambe ndi zimene zilipo. Bungwe la Lifeline/Childline Zambia lili ndi manambala awiri aulere oimba usana ndi usiku: 116 ya ana, ndi 933 ya akulu, makamaka ocitiridwa nkhanza m'banja. Mu 2012 National AIDS Council ndi UNICEF anayambitsa U-Report, kumene wacinyamata anali kutumiza funso la za HIV pa meseji ndi kuyankhidwa ndi mphungu. Mu 2020, pamene COVID-19 inaletsa anthu kusonkhana, bungwe la StrongMinds, limene linafika m'Zambia mu 2019, linayamba kukumanitsa pa foni magulu a anthu opsinjika maganizo. Palinso makampani a maiko akutali amene amagulitsa uphungu pa intaneti, ndipo malipiro ake ndi madola.

Ubwino woyamba wa uphungu wotere ndiwo cinsinsi. Inu mudziwa kuti mudzi uli ndi makutu. Mtsikana amene akuvutitsidwa ndi amalume ake, omwenso akumulipirira sukulu, adzauza yani? Mnyamata amene walephera mayeso a Giredi 12 ndipo wayamba kuganiza zodzipha, kodi adzalira pamaso pa anzake amene anakula akumva kuti mwamuna salira? Kwa anthu otere, mawu a mlendo wosadziwa abale awo angapulumutse moyo.

Ubwino waciwiri ndiwo mtunda. Cipatala cacikulu ca matenda a maganizo, Chainama Hills, cili ku Lusaka, makilomita oposa 500 kucokera ku Chipata. Vuto la mtunda si lathu lokha. Dokotala wa matenda a maganizo wa ku Zimbabwe, Dixon Chibanda, amasimba za wodwala wake amene anadzipha ali kumudzi, cifukwa analibe ndalama ya basi yobwerera kwa dokotala ku Harare. Ndithudi, pamene basi yakanika, foni ingafike.

Komabe, pali zofooka zimene oyamikira saziculako kawirikawiri. Coyamba, kodi foniyo ndi ya yani? M'nyumba zambiri za kumudzi foni ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba la abambo. Mai amene akumenyedwa angabwereke bwanji foni ya womumenyayo? Onjezanipo kusowa kwa netiweki, batire yakutha ndi mtengo wa mabandulo, mudzaona kuti osowetsetsa thandizo ndiwo amavutika koposa kulipeza.

Caciwiri, si ciliconse ca pa intaneti cimasunga pakamwa. Mu 2023 boma la America linalamula kampani ya uphungu ya BetterHelp kulipira madola 7.8 miliyoni, cifukwa inapereka mbiri za ofuna thandizo kwa makampani monga Facebook kuti azionetsa malonda. Cotero musanatsanulire mtima wanu pa WhatsApp kapena pa tsamba lililonse, funsani kuti: Kodi ndikulankhula ndi yani? Anaphunzira kuti? Mawu angawa adzasungidwa ndi yani?

Cacitatu ndico cacikulu. Kwathu kuno cisoni sicikhala ca munthu mmodzi. Mai wamasiye amalira mwamuna wake, koma amaliranso ng'ombe, njinga ndi malata zimene abale a malemu ayamba kale kuwerenga. Lamulo la dziko lathu la 1989 limanena kuti munthu akafa osalemba wilo, ana alandire magawo 50 pa 100 a cuma cake, wamasiye 20, makolo 20, ndi ena odalira malemu 10. Koma lamulo lomwelo silikhudza minda ya m'manja mwa mafumu. Nkhani ya munda idzakambidwa pabwalo la anyakwawa, ndipo pamenepo pafunika munthu wodziwika woimirira pambali pa wamasiye. Mphungu wa kutali angaumitse misozi, koma sangakhale pabwalopo.

Zili cimodzimodzi ndi mikangano ya m'banja. Wa pa foni amamva mbali imodzi cabe, pamene ankhoswe amakhazika pansi onse awiri ndipo amadziwa kumene utsi unayambira. Kholo limene mwana wake wayamba kacasu lingalandire malangizo abwino, koma mwanayo afunika wina womutsata kumene amacezera. Pa maliro, cimene cimatonthoza kawirikawiri si mawu ai. Ndi amai ogona pansi m'nyumba ya siwa, abambo ocezera pamoto usiku wonse, ndi acinyamata okumba manda, otema nkhuni ndi otunga madzi. Akulu anati maliro n'kulirana.

Kodi tsono tinene kuti njira zathu zakale n'zokwana? Ai. Anthu amabalalika pakapita masiku ocepa, ndipo woferedwa amatsala yekha pamene cisoni cafika pacimake. Alangizi ena amangoti "pirira," ngakhale kwa munthu amene moyo wake uli pangozi. Ndipo ambiri a ife sitidziwa kumvetsera. Timathamangira kudzudzula, kenaka nkhaniyo timakaiulula kucitsime.

Apa m'pamene nchito ya Dokotala Chibanda itiphunzitsa kanthu. Iye anaphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare, m'Harare, kumvetsera anthu atakhala pa benchi kunja kwa kiliniki, nchito yochedwa Friendship Bench. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anatsata anthu 573. Patapita miyezi 6, mwa okhala pa benchi, 14 pa 100 ndiwo anali akali ndi zizindikiro za kupsinjika maganizo, pamene mwa olandira cisamaliro ca masiku onse anali 50 pa 100. Mankhwala ake anali munthu wapafupi, wophunzitsidwa bwino, wolankhula cinenero ca wodwalayo ndi wosunga cinsinsi.

Maganizo athu tsono ndi awa: uphungu wa pa foni ndi wabwino poyambira ndi pa nthawi ya ngozi, koma suyenera kutipatsa cifukwa cothawira udindo wathu. Lembani 116 ndi 933 pakhoma la cipinda cimene gulu lanu limasonkhanamo. Pemphani anamwino a pa kiliniki yapafupi adzakuphunzitseni kumvetsera ndi kuzindikira munthu wofunika kupita naye kucipatala msanga. Mnzanu akachula zodzipha, musamusiye yekha, ndipo uzani wamkulu wodalirika tsiku lomwelo. Pomaliza, ŵerengani mabanja a mumpingo mwanu amene anaferedwa miyezi itatu yapitayo, ndipo mugawane maina awo pa msonkhano wanu wa sabata ino. Pofika tsopano alendo onse anapita kwawo.