Galimoto Yakuda ya Toretto: Chikomekome cha Mkuyu

Kanema wa The Fast and the Furious, amene anatuluka m'chaka cha 2001 motsogozedwa ndi Rob Cohen, ndinamuonera m'kachipinda ka vidiyo pa msika wa Lirangwe, womasulira akutanthauzira m'Chicheŵa. Titatuluka panalibe wokamba za Vin Diesel. Tonse pakamwa panali Dodge Charger yakuda ya 1970, yokhala ndi chitsulo chonyezimira pa boneti, chimene amati supercharger, chopopera mpweya mu injini.

Ndiyambe n'kuyamika. Olemba nkhaniyi anaigwira bwino ntchito galimotoyo. Dominic Toretto anaimanga pamodzi ndi bambo wake, amene pambuyo pake anafera pa mpikisano wa magalimoto, ndipo mwanayo amangoisunga m'garaja osaiyendetsa, chifukwa amaiwopa. Ife amene tinaonapo njinga ya malemu itakolekedwa kudenga chaka chathunthu, popanda woikhudza, tikumva zimenezi. Galimotoyo ndi chuma chamasiye, ndiponso ndi maliro osatha. Apa kanemayu akunena zoona.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Charger imene tinkaikuwira sinali imodzi: anakonza zingapo, zina zogwetsa dala. Pa magalimoto othamangitsawo chitsulo cha pa boneti chija chinali chokongoletsa chabe, ndipo pamene mateyala akutsogolo akunyamuka, si mphamvu ya injini ai, ndi zitsulo zobisika kunsi zimene zikuitukula. Bodza lotere sindilidandaula kwambiri, pakuti nthano iliyonse ili ndi matsenga ake.

Chimene ndikukana ndi mathero. Toretto ndi Brian O'Conner akudumpha njanji sitima ili pamphuno, kenaka Charger ikugunda lole n'kugudubuzika m'malere. Toretto akutuluka atapweteka mkono wokha, napatsidwa makiyi a Toyota Supra, ulendo! Mantha onse amene nkhaniyi inamanga pa imfa ya bambo uja athera pamenepo. Ngati liŵiro silipha mwana monga linaphera bambo, tinkaopa chiyani nthaŵi yonseyi? Wolemba wathaŵa ngongole imene anatenga yekha.

Nkhaniyi ikundikhudza chifukwa njanji ikudutsanso pa Lirangwe, ndipo mseu wa M1 uli pakhomo. Msuweni wanga wa ku Chileka, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza, anayesa kunyamula teyala lakutsogolo anzake akumuchemerera. Kunsi kwa njinga yake kunalibe zitsulo zobisika. Lero akuyenda chotsimphina. Sindikuti kanema ndiye anamugwetsa. Ndikuti kanemayu anamuonetsa kukoma kwa liŵiro, mtengo wake n'kuubisa. Ngakhale Paul Walker, amene anaseŵera O'Conner, anafa pa ngozi ya galimoto m'chaka cha 2013.

Anzanga olemba, galimoto yokongola tingaibwereke m'nkhani zathu. Koma tikaigubuduza, tilimbe mtima kulembanso za chipatala ndi za amene atsala akulira.